Kodi Ulipo Mchere Wosakweza BP?

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg, m'chikwama chake munali kabotolo ka mchere wa pinki. Anagwada n'kupereka kwa mayi anga, amene akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri, nati, "Amayi, uwu ndi wa ku Himalaya, uli ndi michere yambiri yofunika m'thupi. Sukweza BP, muzithira momwe mungafunire." Anapereka ndi mtima wonse, ndipo ndalama zinapitadi zambiri. Mayi anaulandira ndi manja awiri, madzulo omwewo ndiwo zinakoma kuposa masiku onse. Ine ndinagona ndi nkhawa, chifukwa dzanja limene adokotala analizoloweza kutapa pang'ono linali litayambanso kutapa modzaza. Mafunso amene ndinali nawo usiku umenewo ndawamvanso kwa ena ambiri, mu minibasi, kutchalitchi ndi pamzere wa kuchipatala.

Kodi mchere umalakwa chiyani m'thupi?

Mchere wa m'khitchini ndi zinthu ziwiri zogwirana, sodiyamu ndi kolorayidi, ndipo pa magalamu 10 alionse a mchere, pafupifupi magalamu 4 ndi sodiyamu. Thupi limamufuna sodiyamu ameneyu, koma pang'ono chabe. Khalidwe lake wophika aliyense amalidziwa: mukawaza mchere pa kabichi wodula kapena pa nsomba yaiwisi, pakapita kanthawi m'mbale mumadikha madzi. Sodiyamu amakoka madzi, ndipo m'thupi amachita zomwezo. Akachuluka, thupi limasunga madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumakankha mwamphamvu kuti uwayendetse. Kwa tsiku limodzi palibe chimene chimaoneka. Koma zikakhala zaka makumi awiri, mitsempha imauma n'kuchepa njira, mtima umakula mpaka kutopa, tosefera ta mu impso timawonongeka. Tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka, munthu amene dzulo anali kumunda lero wafa mbali imodzi, pakamwa papotoka.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kuwerengera wonse: wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa pa chimanga chootcha. Amenewa ndi osakwana bwino sipuni yaing'ono ya tiyi. Koma padziko lonse munthu mmodzi amadya magalamu oposa 10 pa tsiku tikagawa mofanana. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Palinso china chimene chimatikhudza ife makamaka. Ku America, m'kafukufuku wotchedwa DASH-Sodium amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, BP ya anthu akuda inatsika kwambiri kuposa ya anzawo pamene mchere unachepetsedwa. Matupi athu amaumva msanga mchere ukachuluka, amayamikanso msanga ukachepa.

Nanga mchere wa pinki uja, si wosiyana ndi wathuwu?

Ndi wosiyana mtundu ndi mtengo. Wambiri umakumbidwa ku mgodi wa Khewra, m'mapiri a Salt Range m'chigawo cha Punjab ku Pakistan. Kufiirira kwake kumachokera ku tinyenyeswa ta chitsulo cha dzimbiri timene tili m'mwalawo. Mukauyeza, magawo 96 kapena kuposa pa 100 alionse ndi sodiyamu ndi kolorayidi yemweyo amene ali m'paketi ya pagolosale.

Chimene chimasokoneza ndi mawu oti "michere". Ogulitsa amanena zoona akamati muli kashiamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi chitsulo. Chimene sanena ndi kuchuluka kwake. Nthochi imodzi yakupsa, yosakula kwambiri, imakhala ndi potaziyamu pafupifupi mamiligalamu 400. Sipuni yaing'ono ya mchere wa pinki ilibe ngakhale mamiligalamu 50. Akatswiri a ku Australia anayeza mitundu 31 ya mchere wa pinki mu 2020, napeza kuti munthu angafunike kudya magalamu oposa 30 pa tsiku kuti michere imeneyi ikhale yowerengeka m'thupi. Magalamu 30 ndi mlingo wa WHO uja kasanu ndi kamodzi. Munthu wofunafuna kashiamu m'njira imeneyi angafike kuchipatala asanamupeze.

Vuto lalikulu la mchere wa pinki, kwa ine, ndi chilolezo chimene umapereka mumtima. Wodwala amene ankaopa mchere amasiya kuopa.

Kodi wa m'nyanja, kapena wamiyalamiyala wa pamsika, uli bwinoko?

Ayi. Kaya wachokera kugombe la Mozambique, kaya ku Sua Pan ku Botswana, galamu imodzi ya mchere ili ndi sodiyamu pafupifupi wofanana. Wamiyalamiyala umangosiya mipata m'sipuni, ndiye umaoneka wambiri pamene uli wochepa, koma mukausinja mumtondo n'kuthira mpaka ndiwo zikome momwe munazolowera, mwabwerera pomwepo.

Ndiye palibiretu mchere wothandiza?

Ulipo, koma suli wa pinki, ndipo sumveka dzina kwambiri. Ndi mchere umene opanga achotsamo gawo lina la sodiyamu n'kuikamo potaziyamu. Alimi dzina limeneli si lachilendo kwa iwo: ndi chilembo K chija cha pa thumba la feteleza wa NPK. Mtundu umene wayesedwa kwambiri uli ndi magawo 75 a mchere wamba ndi magawo 25 a potaziyamu kolorayidi. Umaoneka woyera, umathiridwa m'ndiwo mofanana, ndipo anthu ambiri sazindikira kusiyana kwa kakomedwe. Potaziyamu akapitirira pamenepo, kakuwawa kena kamayamba kumveka kukhosi. A ku Britain amene amagula LoSalt amakadziwa, chifukwa mmenemo magawo awiri mwa atatu ndi potaziyamu kolorayidi.

Umboni wake ndi wolemera. Kumidzi ya kumpoto kwa China, m'zigawo zisanu, akatswiri a George Institute motsogozedwa ndi Bruce Neal pamodzi ndi anzawo a ku China anatenga midzi 600 ndi anthu 20,995. Onse anali oti anadwalapo sitiroko, kapena a zaka 60 kupita m'tsogolo okhala ndi BP yokwera. Theka la midziyo linalandira mchere wa potaziyamu, theka linapitiriza ndi mchere wake wa masiku onse. Anawatsatira kwa zaka pafupifupi zisanu, zotsatira n'kutuluka mu 2021. M'midzi ya mchere wa potaziyamu, sitiroko inachepa ndi 14 pa 100 alionse, matenda aakulu a mtima ndi mitsempha ndi 13, imfa za mtundu uliwonse ndi 12.  Chachikulu chimene chinasintha ndi paketi ya mchere.

Kafukufuku ameneyu ndimamuona ngati wathu, ngakhale anachitikira kutali, chifukwa cha mmene anthu a m'midzi imeneyo amadyera. Mchere wawo wambiri umalowa m'chakudya kudzera m'dzanja la wophika pakhomo, monga zilili kwa ife. Ku Ulaya ndi ku America wambiri umabwera kale m'zakudya za m'fakitale, kotero kusintha kabotolo ka patebulo kumasintha zochepa. Kwathu kuno mpoto wa ndiwo ndiwo khomo lalikulu la mchere.

Ku Tumbes, kumpoto kwa Peru, anayesanso zomwezi m'midzi isanu ndi umodzi, kwa anthu wamba osati odwala okha, ndipo lipoti la mu 2020 linaonetsa kuti mwayi woyamba BP yokwera unatsika ndi theka. Dziko la Finland linayamba kalekale: m'zaka za m'ma 1970, pamene amuna a ku North Karelia ankafa ndi mtima akadali a mphamvu zawo, dzikolo linayamba nkhondo yochepetsa mafuta, fodya ndi mchere, ndipo pulofesa Heikki Karppanen anakonza mchere wokhala ndi potaziyamu ndi maginiziyamu umene unadzatchuka ndi dzina loti Pansalt. Mu January 2025, WHO inatulutsa malangizo oti munthu wamkulu amene amathira mchere m'chakudya angachite bwino kusinthira ku wa potaziyamu, koma inasiya kunja ana, amayi oyembekezera ndi onse a vuto la impso.

Potaziyamu amatsitsa bwanji BP?

Amathandiza impso kutaya sodiyamu mu mkodzo, ndipo amamasula mitsempha kuti isakhale yokungika. Choncho mchere umenewu umagwira mbali ziwiri nthawi imodzi: sodiyamu wolowa amachepa ndi gawo limodzi mwa anayi, ndipo amene walowayo amatuluka msanga. Magalamu 5 a mchere wa magawo 25 aja amapereka potaziyamu pafupifupi mamiligalamu 650. WHO imati munthu wamkulu azipeza osachepera mamiligalamu 3,510 pa tsiku, makamaka kuchokera m'zakudya.

Bwanji nanga osangouza aliyense kuti asinthe?

Chifukwa potaziyamu yemweyo amene amateteza mtima angathe kuuimitsa. Impso zamoyo zimataya potaziyamu wotsala popanda vuto. Impso zofooka zimalephera, iye n'kumaunjikana m'magazi. Munthu angamve kufooka kwa miyendo, dzanzi, mtima kugunda modumphadumpha, kapena osamva kanthu kalikonse mpaka mtima utaima. Ku China kuja sanaone kuchuluka kwa ngozi yotere, koma anthu odziwika kuti ali ndi matenda aakulu a impso, ndi omwa mankhwala ena osunga potaziyamu, sanaloledwe kulowa nawo.

Apa ndi pamene ndimapempha owerenga atenge buku lawo la kuchipatala aone mayina a mankhwala. Enalapril, captopril, lisinopril ndi losartan ndi mankhwala abwino a BP, koma amachititsa thupi kusunga potaziyamu. Spironolactone, amene amapatsidwa kwa ambiri otupa chifukwa cha mtima kapena chiwindi, amatero kwambiri. Bactrim, amene anthu ambiri omwa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku podziteza ku matenda ena, nayenso amakweza potaziyamu, ndipo izi ochepa amazidziwa. Brufen ndi diclofenac, amene timangogula pagolosale msana ukapweteka, amalemetsa impso akamwedwa kawirikawiri. Wodwala shuga kwa zaka zambiri, ndiponso wa BP imene yakhala yokwera nthawi yaitali, angakhale ndi impso zofooka iye osadziwa, pakuti impso sizilira msanga. Kumbali inayi, hydrochlorothiazide, kapilitsi kokodzetsa kamene ambiri amayambira, kamataya potaziyamu, ndiye kwa womwa kameneka kokha nkhani imakhala ina.

Nzeru yake ndi kufunsa adokotala kapena a kiliniki ya BP musanagule, n'kupempha kuti akuyezeni magazi aone mmene impso zikugwirira ntchito. Funso lake ndi lalifupi: "Adokotala, ndi mankhwala amene ndikumwawa, kodi ndingadye mchere wa potaziyamu?" Ndipo ndinene mosabisa kwa alimi anzanga: feteleza wa potashi, ngakhale ali ndi dzina lofanana, sanakonzedwe kuti adyedwe. Asayandikire mpoto.

Makolo athu ankatcheza chidulo. Si mchere wa potaziyamu womwewo?

Funso limeneli limandisangalatsa, chifukwa lili ndi choonadi mkati. Agogo ankaotcha zitsononkho za chimanga, makoko a nyemba kapena a nthochi, n'kuika phulusalo m'chiwiya chobooka pansi, kuthira madzi, n'kudikira kuti adonthe. Zomera zimakoka potaziyamu wambiri m'nthaka, ndipo zikapsa iye amatsalira m'phulusa. Madzi a chidulo ndi odzaza ndi potaziyamu, sodiyamu ali wochepa. M'madera ambiri a mkati mwa Africa, kutali ndi nyanja yamchere, anthu ankapanganso mchere weniweni kuchokera ku phulusa la udzu ndi zomera za m'madambo, pamene a ku Chigwa cha Shire ankasungunula dothi lamchere n'kuphitsa madzi ake.

Komabe chidulo si mankhwala a BP. Ntchito yake ndi kufewetsa therere, chigwada ndi masamba olimba, ndipo ukali umene umafewetsawo umawononganso vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Mphamvu yake imasiyana chiwiya ndi chiwiya, palibe mlingo. Wa impso zofooka ayenera kuchisamala monga momwe angasamalire mchere wa potaziyamu wa m'sitolo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chimene chinalowa m'malo mwa chidulo. M'tauni, ndi m'midzi yambiri tsopano, therere timaphikira soda. Soda ndi sodiyamu. Sipuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi sodiyamu woposa mamiligalamu 1,200, pamene mlingo wa tsiku lonse ndi wosafika 2,000. Sakoma ngati mchere, ndiye sitimuwerengera, timathiranso mchere pamwamba pake. Mayi wa BP amene wachepetsa mchere mokhulupirika koma amaphika therere la soda katatu pa sabata, ndi soda winanso mu nyemba kuti zipse msanga nkhuni zisathe, angadabwe kuti manambala ake satsika. Nyemba zikagona m'madzi usiku zimapsa msanga popanda soda.

Nanga ayodini?

Musamuiwale. Achikulire akukumbukira anthu otupa pakhosi ndi chithokomiro, ndiponso ana obadwa ndi ubongo wosakhwima chifukwa mayi anasowa ayodini ali woyembekezera. M'zaka za m'ma 1990 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loti mchere wogulitsidwa uzikhala wothiridwa ayodini, ndipo mavuto amenewa anachepa kwambiri. Mchere wa pinki nthawi zambiri ulibe ayodini wowonjezera, chimodzimodzi mitundu ina ya mchere wa potaziyamu. Banja likasinthira ku mchere wotere, ana ndi amayi oyembekezera ndi amene amaluza. Werengani pa paketi. Magalamu 5 a mchere wothiridwa ayodini moyenera amakwanira pa tsiku, kotero kuchepetsa mchere ndi kupeza ayodini sizilimbana.

Mchere wa potaziyamu sindiupeza kwathu, ndipo ukapezeka ndi wodula. Ndichite chiyani?

Potaziyamu ali kale kudimba kwanu, ndipo wa m'chakudya ndi amene thupi limamulandira mofatsa. Ali mu nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama. Ali mu mbatata, kachewere, maungu ndi nthochi, zakupsa ndi zophika zomwe. Ali mu bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, tomato, mapeyala ndi malambe. Amasungunuka m'madzi, choncho wophika masamba m'madzi ambiri n'kutaya msuzi wataya gawo lalikulu la phindu lake. Ufa wa mgaiwa uli naye wambiri kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola amapita ndi madeya. Mbale imene nsima yadzaza mpaka m'milomo, ndiwo zili kadontho kowawa mchere kuti nsimayo itsike, ndiyo mbale yokweza BP. Ndikudziwa kuti nthawi zambiri ndi umphawi umene umaphika motero, ndiwo zikachepa mchere ndiwo umazitalikitsa. Koma masamba a kumunda ndi nyemba ndi zina mwa ndiwo zotsika mtengo zimene tili nazo.

Mbali ina ndi kusaka mchere wobisala. Timiyala tokometsera ndiwo ndi ufa wa supu wa m'mapaketi ndi mchere wochuluka wosakaniza ndi zonunkhiritsa, ndipo ambiri timathira timeneti n'kuthiranso mchere. Nsomba zouma zothiridwa mchere, soseji, tchipisi cha pachiwaya chowazidwa mchere, zokhwasula za ana za m'timapepala, kapaketi kokometsera ka mu soya pieces, buledi, zonsezi zimawerengedwa pa magalamu 5 aja. Nsomba yamchere iviikeni m'madzi kaye n'kutaya madziwo. Dziko la South Africa linaona kukula kwa nkhaniyi ndipo mu 2013 linakhazikitsa lamulo loika malire a sodiyamu mu buledi, majarini, supu, soseji ndi zina, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016. Abale athu okhala kumeneko amadya buledi wa mchere wocheperako osadziwa n'komwe.

Pophika, yezani ndi sipuni m'malo motapa ndi dzanja, ndipo chotsani mchere patebulo. Anyezi wokazinga bwino, adyo, jinja, tomato wakupsa, nsinjiro, tsabola wa kambuzi ndi madzi a mandimu zimadzutsa ndiwo popanda sodiyamu. Musachepetse kamodzin'kamodzi, banja lingakuukireni. Chepetsani pang'onopang'ono, pakatha masabata angapo lilime limazolowera, mpaka ndiwo za kwa eni zimayamba kukuwawirani mchere.

Agogo anatupa miyendo, achibale akuti ndi tsempho. Zikugwirizana ndi mchere?

Pa chikhalidwe chathu mchere si chokometsera chabe. Tinakula tikudziwa kuti pali nthawi imene mayi sathira mchere m'ndiwo, amatuma mwana, kuopa mdulo kapena kuti tsempho. Sindikufuna kutsutsana ndi akuluakulu pa za mwambo. Ndikungopempha chinthu chimodzi: kutupa mapazi ndi nkhope, kubanika pogona chagada, kutsokomola usiku ndi kutopa poyenda kamtunda kochepa ndi zizindikiro zodziwika za mtima wofooka kapena impso zolephera, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi BP imene inakhala zaka yosayezedwa. Pamene banja likukambirana za amene analakwa, wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu wotupa chotere ndiye woyamba kuchepetseredwa mchere, ndiponso ndiye wosayenera kupatsidwa mchere wa potaziyamu adokotala asanamuone.

Ndikasintha mchere, ndingasiye mapilitsi?

Ayi. Ku China kuja nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi pafupifupi 3 yokha. Pa anthu zikwi makumi awiri, kutsika kochepa kotere kunapulumutsa miyoyo yambiri, koma kwa munthu mmodzi amene makina akuonetsa 170 pa 100, sikungamufikitse pansi pa 140 pa 90. Ndiponso ambiri mwa anthu a m'kafukufukuyo ankamwabe mankhwala awo, mchere unangowonjezera pa ntchito ya mapilitsi. BP yokwera kawirikawiri sipweteka mutu kapena kuchititsa chizungulire, choncho kumva bwino m'thupi si chifukwa chosiyira. Amene angachepetse mankhwala ndi adokotala okha, ataona manambala a miyezi ingapo m'buku lanu.

Kwathu tinakhala pansi ndi mlamu wanga n'kuwerenga limodzi zolembedwa pa kabotolo kaja. Anaona yekha nambala ya sodiyamu, nakhala chete kanthawi, kenako anati akadzabweranso adzabweretsa makina oyezera BP. Mayi amamwa enalapril, ndiye za mchere wa potaziyamu tikudikira kaye zotsatira za magazi. Pakali pano m'chitini cha mchere muli sipuni yaing'ono, ndipo mdzukulu wawo wamkulu ndi amene amayeza.